Dimba lomwe linawolokera ku Mozambique: lipoti la vuto la zala pa mapu a alangizi m'chigwa cha Shire

Dandaulo linafika ngati mawu ojambula pa WhatsApp, kuchokera kwa bambo ena omwe ndi mlangizi wa zaulimi kumunsi kwa Nsanje boma. Ankaseka, koma kuseka kwa munthu wotopa. "Achimwene, pulogalamu yanu ija yatenga dimba la mayi ena kuno n'kuliwolotsa Shire. Theka lili kwathu kuno, theka lili ku Mozambique. Ndiwauze kuti azikalima ndi pasipoti?" Anatumizanso chithunzi cha sikirini. Ngodya zinayi za dimbalo zinali m'malo mwake, koma yachisanu inali itathawira kumphepete kwenikweni kwa mapu, tsidya lina la mtsinje, moti kadimba kosakwana ekala kankaoneka ngati esiteti.

Pulogalamuyi ndinailemba ndine, ya mafoni a Android, pa ntchito ya bungwe lina lothandiza alimi m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Madzi osefukira a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasiya mchenga m'minda yambiri ya m'mbali mwa mitsinje, malire ena n'kukwiririka, ndipo bungweli linkafuna kudziwa kukula kwa munda uliwonse lisanagawe mbewu. Mlangizi amatsegula chithunzi cha dera chojambulidwa kuchokera m'mwamba, chosungidwiratu m'foni chifukwa netiweki m'madambo muja njosadalirika, n'kumaika timadontho pa ngodya za munda. Pulogalamu imalumikiza timadonthoto n'kuwerengera maekala.

Mapuwo ndi View yangayanga (View ndi chigawo cha sikirini chomwe chimaonetsa zinthu n'kumva zala), yolembedwa m'chinenero cholembera mapulogalamu cha Kotlin, yojambula pa Canvas, malo ojambulapo a Android. Ndinaipatsa ntchito zisanu pa galasi limodzi: kudina kamodzi kuika dontho, kukanikiza dontho kwa kanthawi n'kulikoka kulisuntha, kukoka popanda dontho kuyendetsa mapu, kutsina ndi zala ziwiri kukulitsa kapena kuchepetsa, ndi kudina kawiri kukulitsanso. Kudina ndi kukanikiza ndinasiyira GestureDetector, kutsina ndinasiyira ScaleGestureDetector, zida ziwiri za Android zozindikira kayendedwe ka zala. Koma GestureDetector ikangozindikira kukanikiza (onLongPress), siinenanso za kukoka (onScroll) mpaka chala chichoke, choncho kukoka dontho ndinakulemba ndekha mkati mwa onTouchEvent, momwe View imalandirira kukhudza kulikonse. Mizere imeneyi sinkakwana makumi atatu, ndipo ndi imene inandigoneka ku Nsanje.

Zomwe ndinapeza ndili pa desiki ku Blantyre

Nditakhala pansi ndi madandaulo onse a m'gulu la alangizi, ndinaona kuti sanali a vuto limodzi. Atatu ndinawathetsa osanyamuka pampando.

Loyamba linali lakuti dontho linkakokeka bwino cham'mbali, koma ukalikokera m'mwamba kapena pansi linkagwa panjira. Kusiyana kumeneku ndi komwe kunaulula mwini mlandu. Mapu anali mkati mwa ScrollView, chigawo choyendetsa tsamba m'mwamba ndi pansi, pamodzi ndi malo olembapo dzina la mlimi ndi mudzi. ScrollView imaonera chala chilichonse kudzera mu onInterceptTouchEvent, ndipo chikayenda chokwera kapena chotsika kupitirira touch slop, kamtunda komwe chala chimaloledwa kusuntha chisanaonedwe kuti chikukoka, komwe pa Android nthawi zambiri ndi 8dp (dp ndi muyeso wa pa sikirini womwe umakhala pafupifupi wofanana pa mafoni onse), imalanda zonse n'kutumizira View yamkati ACTION_CANCEL, uthenga woti kukhudzako kwathetsedwa. Ine ndinali nditaika ACTION_CANCEL m'thumba limodzi ndi ACTION_UP, uthenga woti chala chachoka, ndiye dontho linkasungidwa pomwe lalandidwirapo. Ndinaitana requestDisallowInterceptTouchEvent(true), lamulo loletsa ScrollView kulanda chala, pa ACTION_DOWN iliyonse, nthawi yomwe chala chatera, poti lamuloli limafufutika chala chatsopano chikatera, ndipo ACTION_CANCEL ndinaipatsa ntchito yake yeniyeni yobweza dontho pomwe linali.

Lachiwiri linali la manyazi. Mtunda woti chala chionedwe kuti chagwira dontho ndinaulemba m'mapikiselo, 60. Pa foni yanga ya 480dpi, kutanthauza mapikiselo 480 pa inchi, amenewo ndi 20dp. Pa mafoni a 240dpi omwe alangizi ena anali nawo, ndi 40dp, kuwirikiza kawiri. Pa dimba laling'ono, mlangizi akafuna kuika ngodya yatsopano pafupi ndi inzake, pulogalamu inkaganiza kuti akukhudza dontho lakale, n'kukhala phee. Ndinasintha kukhala 24dp mbali zonse, kuti malo ogwira akhale 48dp monga malangizo a Android amanenera.

Lachitatu linali kudina kawiri. Poti ndinalola kudina kawiri, kuika dontho kunkadikira onSingleTapConfirmed, yomwe imayamba yadikira mamilisekondi 300 kuona ngati chala chibwerenso. Pulogalamu inkaoneka yaulesi, ndipo alangizi omwe anazolowera kudina kawiri pa mbewa ya kompyuta ankangoona mapu akukula m'malo mwa dontho. Ndinachotsa kudina kawiri ndi setOnDoubleTapListener(null), ndinazimitsa isQuickScaleEnabled pa ScaleGestureDetector, n'kusamukira ku onSingleTapUp. Palibe anadandaula kuti chasowa.

Ndinatumiza APK yatsopano, fayilo yoikira pulogalamu pa foni, m'gulu muja ndili wokhutira. Pasanathe masiku atatu, bambo a ku Nsanje aja anatumiza chithunzi china. Ngodya inali itathawanso.

Apa ndinataya pafupifupi sabata yathunthu ndikukumba polakwika. Ndinakayikira masamu osintha malo a pa sikirini kukhala malo a padziko, ndinawerenganso Matrix ndi invert yake kangapo konse. Ndinakayikira GPS, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti timadontho sitichokera ku GPS. Pa emulator, foni yongoyerekeza ya pa kompyuta, zonse zinkayenda. Pa foni yanga ndinakoka madontho mpaka chala kuwawa, osathawa ndi limodzi lomwe. Ndinapempha foni ya mtundu womwewo kwa mnzanga, nayonso inakana kulakwa. Chomwe ndikanayenera kuchiona msanga pa zithunzi zija n'chakuti dontho lothawa nthawi zonse linkakathera kumphepete kwa kumanzere kapena kumunsi kwa sikirini, osati paliponse. Ndinaliona, koma ndinkaliwerenga ngati malo a pa mapu, osati ngati malo a pa galasi.

Kutsikira kuchigwa

Ndinakwera minibasi m'mwezi wa Okutobala, kutsika chitunda cha Chikwawa, kudutsa pa Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kenako nzimbe za ku Nchalo, Ngabu, Bangula, mpaka Nsanje. Yemwe anafikako nyengo imeneyi akudziwa: kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo shati imanyowa usanachite kalikonse. Bambo mlangizi ananditenga pa njinga yamoto mpaka kumadimba.

Ndisanatulutse laputopu ndinangowapempha kuti agwire ntchito monga amachitira masiku onse, ine ndikuonerera. Mwini dimba, mayi achikulire, ankayenda patsogolo akuloza malire m'Chisena, apa pa nthochi, apo pa chitsa, uko pomwe pathera mbatata. Bambo aja ankawatsatira akuyenda m'mizere, foni ataifumbata zolimba kudzanja lamanzere kuopa kuti ingagwere m'matope, chala chachikulu ndi mnofu wa chikhatho zitapindikira pagalasi. Ankadina ndi chala chamkombaphala cha kumanja. Thukuta linkatsika pamphumi n'kudontha, lina likuyenderera kuchokera m'manja, ndipo kanthawi kalikonse ankapukuta foni pa buluku.

Ine mayeso anga onse ndinachitira foni ili pa tebulo, ndi chala chimodzi chouma, pansi pa fani.

Ndinatsegula Developer options pa foni yawo podina Build number kasanu ndi kawiri, n'kuyatsa Pointer location. Chida chimenechi chimajambula mzere paliponse pomwe sikirini ikumva kukhudzidwa, ndipo pamwamba chimalemba P ndi manambala awiri, zala zomwe zilipo panopa ndi zochulukitsitsa zomwe zaonekapo pa kukhudza kumeneko. Foni ili m'manja mwanga inkalemba 1. Nditawabwezera, tisanayende mapazi khumi, inalemba 2, pena 3, iwo akudina ndi chala chimodzi basi.

"Bambo, foni ikuti muli ndi zala ziwiri pagalasi."

"Chinacho ndi cha ndani? Mwina mizimu ya kuno ikufunanso mbewu."

Sikirini za mafoni a masiku ano sizimva kulemera kwa chala. Pansi pa galasi pali timizere tosaoneka tomwe timasunga mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo chinthu chilichonse chodutsitsa magetsi chikayandikira chimasintha mphamvuyo. Chala chimatero chifukwa thupi ndi madzi ndi mchere. Thukuta nalonso ndi madzi ndi mchere, makamaka likakhala kuti lalumikizana ndi dzanja lomwe lagwira foni. Mnofu wa chikhatho wopindikira pagalasi ndiye n'chala chenicheni. Mafoni okwera mtengo amayesetsa kuzindikira zoterezi n'kuzitaya, koma otsika mtengo ambiri amangopereka zonse kwa pulogalamu.

Komabe galasi silinalakwe kanthu. Linanena zomwe linamva. Wolakwa anali khodi yanga, ndipo logi, kaundula wa zomwe pulogalamu ikuchita, inaonetsa poyera. Titakhala pansi pa mtengo wa mango ndinalumikiza foni ku laputopu, n'kulemba nambala ya action ya MotionEvent iliyonse, uthenga womwe Android imatumizira pulogalamu chala chikatera, chikayenda kapena chikachoka. Dontho litathawa, mndandanda unali wotere: 0, kenako ma 2 ambiri, 261, ma 2 ena, 6, ma 2 awiri kapena atatu, pomaliza 1.

Nambala 0 ndi ACTION_DOWN, chala chatera pa dontho. Ma 2 ndi ACTION_MOVE, chikukoka. 261 ndi chala chachiwiri chikutera, thukuta lija kapena chikhatho. 6 ndi ACTION_POINTER_UP, chala chenicheni chikuchoka bambo atafikitsa dontho pomwe akufuna. Kwa iwo ntchito yatha. Koma kwa Android kukhudza sikunathe, chifukwa ACTION_UP imabwera pokhapokha chala chomaliza chikachoka, ndipo chonyowa chija chidakalipo. Khodi yanga inkadziwa 0, 1, 2 ndi 3 basi. Nambala 6 inangodutsa, dontho likadali lonyamulidwa.

Tsono apa ndi pomwe pali msampha womwe wakola ambiri. Chala chilichonse mu MotionEvent chili ndi manambala awiri. Pali id, yomwe sisintha kuyambira potera mpaka pochoka, ndipo pali index, yomwe ndi malo ake pa mzere wa zala zomwe zilipo nthawi imeneyo. Zili ngati pa chigayo: dzina lako silisintha, koma yemwe ali patsogolo akachoka, woyamba pa mzere umakhala iweyo. Ine ndinkawerenga event.x ndi event.y, zomwe zimapereka malo a chala cha index 0. Chala chenicheni chitachoka, thukuta la kumphepete linasanduka index 0. Likangonjenjemera pang'ono, ACTION_MOVE inkabwera, dontho n'kulumphira komweko. Bambo akapukuta foni pa buluku, ACTION_UP inkafika, pulogalamu n'kusunga. Iwo maso ali kale kwa mayi aja omwe akuloza ngodya yotsatira. Ndi mmene dimba linawolokera Shire.

Panalinso mbali ina ya vuto lomweli, yomwe inafotokoza dandaulo la "nthawi zina imangouma". Chikhatho chikayamba kutera, chimatenga ACTION_DOWN. Chala chenicheni chimabwera ngati chachiwiri, ndipo GestureDetector ikaona ACTION_POINTER_DOWN imathetsa kudina ndi kukanikiza komwe inkayembekezera. Dontho siliikidwa. Chalacho chikayenda, ScaleGestureDetector imaona zala ziwiri zikutalikirana n'kuyamba kukulitsa mapu.

Kukonza

Ndinayamba kukonza madzulo omwewo pa malo ogona, ndipo ndinagweranso m'dzenje lina. Ndinawonjezera ACTION_POINTER_DOWN, uthenga wa chala chachiwiri chikutera, mu when, pomwe khodi imasankha chochita ndi nambala iliyonse, koma sinkagwira. Chifukwa chake chinali mu 261 muja. ACTION_POINTER_DOWN ndi 5, koma event.action imanyamulanso index ya chala m'mabiti apamwamba, ndiye chala cha index 1 chimapereka 256 kuphatikiza 5. Poyerekeza uyenera kugwiritsa ntchito actionMasked, index n'kuitenga padera ndi actionIndex. Zili m'malangizo a Android, ndinaziwerengapo kale, koma zinalowa m'mutu tsiku limenelo.

Mmene ilili tsopano, kukoka kukayamba pulogalamu imasunga id ya chala chomwe chagwira dontho. Pa ACTION_MOVE iliyonse imafunsa findPointerIndex kuti chala chimenecho chili pati, ndipo yankho likakhala -1 siisuntha kanthu. Id imeneyo ikachoka, kaya ndi ACTION_POINTER_UP kapena ACTION_UP, dontho limasungidwa pomwepo ndipo zala zotsala sizimvedwanso mpaka galasi litayera. Nthawi yonse yomwe dontho lanyamulidwa, ScaleGestureDetector siipatsidwa kalikonse.

Za chikhatho choyamba kutera zinavutirapo. Ndinayesa kuchizindikira ndi kukula kwake kudzera mu getTouchMajor, koma pa mafoni awiri mwa omwe ndinayesa nambala yake sinkasintha, kaya ndi nsonga ya chala kaya ndi dzanja lonse. Android 13 inabweretsa FLAG_CANCELED yodziwitsa pulogalamu kuti kukhudza kwina kunali kwangozi, koma mafoni ambiri a alangiziwa ndi akale kuposa pamenepo. Ndinathera pa njira yosakongola: kukhudza kulikonse koyambira m'kamzere ka 16dp m'mphepete mwa mapu kumalandiridwa koma sikuwerengedwa ngati chala, ndipo chala chotsatira ndicho chimatengedwa ngati choyamba. Izi zinatanthauza kusefa zala ndisanazipereke kwa ma detector awiri aja, kupanga MotionEvent yatsopano yopanda chikhathocho, n'kukumbukira kuibweza ndi recycle. Wina anganene kuti ndataya malo pa sikirini. N'zoona, koma ngodya ya kumphepete umangoyendetsa mapu n'kuibweretsa pakati. Kamzereka kanachepetsanso mkangano ndi mafoni a Android 10 kupita m'tsogolo, omwe kukoka kuchokera m'mphepete kumatanthauza kubwerera m'mbuyo.

Tsiku lachiwiri ndinaona chinanso chomwe logi yokha sikanandiuza. Munthu akamayenda m'mizere ya mbatata chala sichikhazikika. Kukanikiza kumafuna kuti chala chikhale malo amodzi pafupifupi theka la sekondi osapyola touch slop, ndiye bambo aja akakanikiza akuyenda, mapu ankangoseseleka. Ndinachotsa kukanikiza konse. Chala chikatera pa dontho n'kuyenda, chalinyamula. Ntchito zisanu zija zinatsala zitatu ndi theka.

Ganizo lomwe linathandiza kwambiri silinali langa. Tikudya nsima ndi mlamba masana, bambo mlangizi anafunsa kuti, "Nanga achimwene, bwanji osangoika kamtanda pakati, ife tiziyendetsa mapu mpaka ngodya ifike pa kamtandapo, kenako tidine batani limodzi lalikulu?" Ndinayamba ndakana, chifukwa ndinali nditavutikira zala zija usiku wonse. Koma anali ndi mfundo ina yomwe sindinaiganizire: chala chimaphimba malo omwe ukufuna kuikapo dontho, ndipo padzuwa la kuchigwa sikirini imaoneka movutikira kale. Ndinaika kamtandako, batani la "Ikani ngodya apa" ndi lina la "Bwezani". Kudina pa mapu ndinakusiya kwa okufuna.

Mafoni awiri anali ndi matenda awoawo omwe khodi sikanachiza. Ina inkajambula mizere yokhayokha pa Pointer location ikakhala pa chaja china chotchipa, popanda woikhudza, n'kusiya ikangozulidwa. Machaja osasefa bwino magetsi amasokoneza muyeso wa sikirini. Mwini wake anasintha chaja. Inayo inali ndi galasi losweka, ndipo ukakoka chala kuchokera pamwamba mpaka pansi mzere unkaduka pa malo amodzimodzi n'kuyambiranso. Pamenepo Android imaona chala chachoka n'kubweranso. Imeneyo inapita kwa okonza mafoni.

Kuyesa ndi kuyeretsa zakale

Nditabwerera ku Blantyre ndinafuna njira yobweretsera thukuta la ku Nsanje pa desiki. Kathonje konyowetsedwa m'madzi a mchere, kogwiridwa ndi zala n'kukhudzitsa m'mphepete mwa galasi, kanachita ntchitoyo. APK yakale inathawitsa dontho pa kuyesa koyamba. Yatsopano sinathawitse. Mndandanda wa pansi pa mango uja ndinausandutsanso mayeso okhazikika, kupanga zala ziwiri ndi MotionEvent.obtain, PointerProperties ndi PointerCoords, n'kuzitumiza kwa View ndi dispatchTouchEvent motsatana momwemo: 0, 2, 261, 2, 6, 2, 1. Mayesowo amafuna kuti dontho likhale pomwe linali pa 6. Ena amayamba ndi chikhatho, ena amathera pa ACTION_CANCEL.

Ntchito yotopetsa inali minda yomwe inali itasungidwa kale. Ya ngodya yowolokera tsidya inkadziwika ndi maso, koma mapu akakhala okulitsidwa kwambiri dontho linkangolumpha mamita ochepa, munda n'kukula kapena kuchepa mosaonekera, ndipo mbewu zimagawidwa potengera nambala imeneyo. Ndinalemba kapulogalamu kofufuza minda yokhala ndi ngodya yosongoka kwambiri kapena mizere yopingasana, n'kupereka mndandanda kwa alangizi kuti akayezenso. Sindinakonze munda uliwonse ndekha pa kompyuta, poti sindine ndinaona nthochi ndi chitsa. Ndinauzanso a bungwe poyera kuti kafukufuku ameneyu sangagwire yonse yolakwika, ndi kuti mlimi akatsutsa nambala ya munda woyezedwa ndi APK yakale, amvedwe ndipo munda uyezedwenso.

Chomwe chatsala ndi mvula. Galasi likanyowa lonse, palibe id kapena kamzere ka m'mphepete komwe kangathandize, ngakhale batani lalikulu lija limaphonya. Ndawonjezera kuti batani lokwezera mawu la pambali pa foni, KEYCODE_VOLUME_UP, liziika ngodya pa kamtanda, lotsitsira mawu lizibweza, koma kuyendetsa mapu kukufunabe chala. Ndikuganiza zolola GPS kuti iziyendetsa mapu mlangizi akaima pa ngodya, ngakhale kuti GPS ya mafoni imaphonya ndi mamita angapo, zomwe pa dimba laling'ono si zochepa. Bambo a ku Nsanje alonjeza kuyesa mabataniwo mvula yoyamba ikagwa, foni ili m'jumbo ya shuga monga amachitira nthawi zonse. Dimba la mayi aja analiyezanso sabata yomweyo, ngodya zonse zisanu zili tsidya lino.